Chaka Chimene Ndinafesa Chisoso

Kwathu ku Mkanda anthu saiwala choseketsa. Mpaka lero ndikafika pa mjigo pamapezeka wina wondifunsa kuti, "Amayi a chisoso, chaka chino mbewu muli nayo?" Ndimaseka nawo, chifukwa ukakwiya ndiye amanyanya. Koma n'zoona, ndinafesadi chisoso ndi manja angawa, ndinathiramo ndi manyowa a mbuzi omwe, ndipo mutu wanga unali bwinobwino. Ndinkafuna kuti amayi anga asiye kuyenda m'minda ya eni.

Ine ndine chitsiriza m'mimba mwa amayi, ndipo ndine ndinatsala pamudzi. Anzanga anabalalika, wina ku Lilongwe, wina anakwatiwa kutsidya ku Zambia, awiri tinawaika. Bambo atamwalira, amayi ndinawatenga kuti azigona m'kanyumba koyandikana ndi yanga, mkati mwa mpanda umodzi. Amuna anga ndi mkamwini wofatsa, wa mawu ochepa, moti ntchito yolalata pakhomo pathu inagwera ine ndekha.

Kusokonezeka kwa amayi kunabwera mwakachetechete. Anayamba n'kuiwala pamene aika mchere. Kenaka ankafunsa ngati bambo abwerako ku dimba, pamene manda awo anali atamera kale udzu. Tsiku lina m'mawa nditawapatsa moni anandiyang'ana mwaulemu wonse, n'kuwomba m'manja, amvekere, "Ndadzuka bwino, kaya inu mayi. Kodi ndinu a pano?" Ndinaseka poganiza kuti n'nthabwala. Sizinali nthabwala. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a ukalamba, ubongo watopa, mankhwala ake palibe, tizingowasamala. Kuyambira pamenepo ine ndinasanduka "mayi inu", mayi wina wachifundo koma wolongolola amene amawapatsa phala.

Dzina langa linawathawa, koma la udzu silinawathawe ndi limodzi lomwe. Amayi pa utsikana wawo anali mlimi woopsa, ndipo khasu lawo linali ndi maso. Popalira, khovani ankamuzula n'kumugoneka mizu m'mwamba pamwamba pa mzere, chifukwa ukangomusiya pansi mawa umupeza wagwiranso. Kaufiti ankamunyamula kukamutaya kutali. Koma khasu likafika pa bonongwe, pa luni, pa denje, pa chisoso chanthete, linkalambalala. Ife ana tikadula luni mwaphuma ankatikoka khutu, amvekere, "Wadula ndiwo zako za mawa, udya chala?" Ndili wamng'ono ndinadzitema ndi khasu pa msongolo, amayi anangothyola chisoso pomwepo, n'kuchifikisa m'manja, n'kufinyira madzi ake pabalapo. Ndinalira mudzi wonse unamva, koma chipsera chake ndi kamzere chabe. Tsitsi ankatisambitsa ndi masamba a chewe sopo akasowa, ndipo udzudzu ukavuta ankapachika mpungabwi pa khomo.

Chaka cha njala ija, nkhokwe zonse zitangoti mbee, tinakhalira moyo zomwezi. Amayi ankalawira ku munda wawo wa kumtunda, kufupi ndi mtengo wa mkuyu, n'kubwerako ndi chitenje chodzaza masamba. Ena ankaphika, ena ankafutsa n'kuyanika, n'kumanga zikwatu m'masamba a msuku, zija zimalendewera kudenga la khitchini zitada ndi utsi. Masiku ena tinkadya ndiwo zokhazokha popanda chotsatira. Pa ana a m'mudzi mwathu alipo amene sanaone chimanga chatsopano chaka chimenecho, koma a amayi tonse tinachiona.

Munda wa pa mkuyu uja si wathunso. Amalume anaupereka kalekale kwa bambo wina amene makolo ake anabwera kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, iye n'kukulira konkuno. Ndi munthu wolimbikira, amalimamo soya ndi chimanga, ndipo tinkapatsana moni bwinobwino. Koma mapazi a amayi sankadziwa kuti mundawo unapita. Mvula ikangogwa, masamba n'kuphuka, m'mawa uliwonse ankamanga chitenje m'chiuno n'kuuyamba ulendo wa pa mkuyu.

Kale zimenezo sizikanakhala nkhani. Ndiwo zomera zokha zinalibe mwini. Unkalowa m'munda wa aliyense n'kuthyola chisoso, bola usakhudze chimanga kapena nkhwani, ndipo mwini munda akakupeza ankakuthokoza kuti wamuthandiza kupalira. Masiku ano anthu amapopera. Mankhwala opha udzu amabwera pa njinga kuchokera kumalire, m'mabotolo ena olembedwa ena osalembedwa, ndipo aliyense ali ndi sipuleya kumsana. Sindikuwanena, chifukwa msana wa munthu si chitsulo, ndipo aganyu akusowa. Choipa chake n'chakuti udzu wopoperedwa sufota tsiku lomwelo. Chisoso chimakhala chobiriwira, chonyezimira, chokoma m'maso, pamene chamwa kale imfa. Ena amamangirira jumbo pa kamtengo kuti odutsa adziwe kuti apopera. Kwa amayi jumbo pa kamtengo inali jumbo basi.

Tsiku lina ndikuchokera ku dimba ndinawapeza atagona pakhonde atapinda miyendo, akusanza, thukuta lili kamukamu. Pa mafuwa panali kapoto ka chisoso chotendera, theka atadya. Amuna anga anawakweza pa njinga, ine ndikuthamanga pambali ndikuwagwirira kuti asagwe. Kuchipatala anawapatsa madzi a m'mitsempha, n'kundifunsa kuti ndiwozo zinachokera kuti. Nditanena, adokotala anangopukusa mutu. Anachira, koma ine mtima sunakhalenso m'malo. Ndinayamba kununkhiza tsamba lililonse lolowa pakhomo panga ngati galu.

Ndikanakonda zikanathera pa mankhwalapo. Patapita masabata angapo, dzuwa litangotuluka, ndinamva phokoso kunjira. Anali mwini munda wa pa mkuyu, akubwera atawagwira amayi pa mkono, kumbuyo kuli anthu akutsatira. Amayi anali ndi matope m'mawondo, chitenje chawo cha masamba atachikumbatira pachifuwa.

"Mayi, tengani agogo anuwa," anatero bamboyo. "Kachitatu aka ndikuwapeza m'soya wanga. Lero ndawapeza atagwada pakati pa mizere, akuyankhula okha, akutolera zinthu m'nsalu."

"Zinthu zanji? Masulani muone, si chisoso icho?"

"Chisoso kwanu kulibe? Chaka chatha soya wanga sanachite bwino, pamene wa anzanga anachita. Anthu akundiuza kuti pali akundikawa."

Kukawa ndiko kuba zokolola za mnzako m'matsenga, kuti iye akolole mankhusu iwe nkhokwe idzaze. Nditamva mawu amenewo ndinamulusira bamboyo. Ndinamuuza kuti abwere aone nkhokwe yathu ngati ikusefukira. Ndinamukumbutsa kuti mayi ake omwe, atangofika kumene kuno alibe ndi dimba lomwe, ankabwera kudzapempha mfutso kwa mfiti yomweyi. Ndinanenanso zina zimene sindingalembe. Iye sanabweze mwaukali, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa.

"Ine sindinawamenye, ndawabweretsa," anatero motsitsa mawu. "Koma anyamata anga a ganyu akuopa kulowa m'mundamo. Tsiku lina adzawapeza ine kulibe. Anyamata safunsa."

Tonse timamvera wailesi, ndipo tikudziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikangotchulidwa dzina limenelo. Amayi nthawi yonseyi anali akumwetulira anthuwo, kenaka anandikoka bulauzi n'kundinong'oneza kuti, "Mayi inu, alendowa muwayalire mphasa."

Madzulo ake amuna anga anati tigule loko. Anati m'mawa tizitseka kanyumba ka amayi mpaka dzuwa litakwera, chifukwa likatentha amayi sankafunanso kuyenda. Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati amayi anga si mbuzi yoti izidikira kutsegulidwa m'khola. Iwo anangoti, "Nanga uzitani?" M'malo mwa loko, nyengo yonse yotsalayo ndinasanduka mlonda. Ndinkadzuka iwo asanadzuke, kuwatsekereza pa chipata, kuwanyengerera, kuwanamiza kuti kumunda kuli njoka. Masiku ena ankandipulumuka ndikatembenuka kukoleza moto, ndipo ndinkathamanga opanda nsapato kukawabweza. Munda wanga womwe unalowa thengo, ndinaonda, ndipo pa kwaya anandiiwala.

Mvula itatha amayi anakhazikika. M'chilimwe sankavuta, ankakhala pamphasa kusenda mtedza tsiku lonse. Ndi nthawi imeneyo pamene nzeru ija inandibwerera. Ndinati ngati amayi akutsata ndiwo, ndiye ndiwozo zibwere pakhomo. Kuseri kwa nyumba yanga, mkati mwa mpanda, kunali malo pamene kale panali khola. Ndinaganiza zofesapo chilichonse chimene amakathyola pa mkuyu, kuti akatuluka m'nyumba azingogwera m'masamba, oyera, osapoperedwa, ine ndikuwaona.

Mbewu ya chisoso sagulitsa pa sitolo. Ndinkapita m'mbali mwa dambo, kumene sipuleya safika, n'kumadutsa dala m'chisoso chouma kuti chindimatirire. Munthu aliyense amachilambalala, ine ndinkachita kudzigudubuzamo. Ndikafika kunyumba ndinkavula chitenje n'kumachotsa timinga tija kamodzikamodzi, kuika m'chitini. Ndinapulula ngala za bonongwe, ndinatola nyemba za luni ndi denje. Amayi ena atandipeza ndikuchita zimenezi anafunsana ngati matenda a amayi ali a kumtundu. Ndinawayankha kuti ee, ndipo amapatsirana, asandiyandikire.

Mvula yoyamba itagwa ndinagawula malo aja, ndinamwaza manyowa, ndinafesa. Amuna anga anaima atatsamira mpanda, amvekere, "Dziko lonse likugula mankhwala ophera udzu, mkazi wanga yekha ndiye akuuthira manyowa. Ukadzakolola undiuze, ndikabwereke ngolo." Koma mawa lake ndinawaona akutseka mipata ya mpanda kuti nkhuku zisafukule. Zinamera mochititsa kaso. Pa manyowa a khola bonongwe anatambasula masamba ngati zikhatho, luni anachita kununkhira, chisoso chinadzaza mpaka kukhoma la bafa. Sindinanyadirepo chimanga ngati mmene ndinanyadira thengo limenelo.

Zitafika pothyola, ndinawagwira amayi dzanja n'kupita nawo kuseriko, lichero lili m'manja mwanga.

"Amayi, taonani ndiwo. Thyolani mmene mungafunire."

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Anayang'ana masamba, anayang'ana khoma la nyumba, anayang'ananso ine.

"Pano mwini wake ndani?"

"Ndi panu, amayi. Ndi pakhomo panu."

"Hmm," anatero, ndipo sanathyole kanthu. Ine ndinati ndi kutopa, mawa adzathyola.

Mawa lake kunali maliro kumudzi woyandikana nafe, a munthu woti sindikanatha kujomba. Amuna anga anati atsala ndi amayi. Koma dzuwa litakwera anaona kuti nthawi yoyendayenda yadutsa, ndipo anatsikira kudambo kukaona nazale ya fodya. Ine ndinabwerako masana. Nditangolowa pa chipata ndinamva fungo la dothi logawulidwa kumene.

Kuseri kunali mbee. Amayi anapeza khasu langa, ndipo anapalira malo onse kuyambira kukhoma mpaka kumpanda, osasiya ndi tsamba limodzi. Zozulazo anaziunjika bwinobwino pakona, mizu m'mwamba kuti dzuwa liiwotche. Anasesanso ndi tsache, mizere ya tsache ikuoneka pa dothi. Iwo anali atakhala pa mtondo wogwetsa, thukuta likutsika, koma nkhope ili ngwee, mmene sindinaionere kwa zaka.

"Mayi inu," anatero, "musandikwiyire, ndakuthandizani. Munthu wamkazi sakhala ndi thengo pakhomo. Njoka zilowa m'nyumba, ndipo odutsa aziti muno mulibe mkazi."



"Ndili ndi mwana wanga wamkazi," anapitiriza. "Ameneyo pakhomo pake simungapeze kaudzu. Ndinamuphunzitsa ndine."

Ndinakhala pansi pa dothi losesedwalo n'kulira mokweza ngati ndabwerera kumaliro kuja. Ndinalira miyezi yonse ija ya minga m'chitenje. Ndinaliranso chifukwa amayi sanalakwe. Anandiphunzitsadi iwo kuti chisoso chikamera pakati pa chimanga ndi ndiwo, chikamera pabwalo ndi manyazi. Mudzi wonse umadziwa zimenezo, ndipo ine ndemwe ndikanaona thengo lotero kuseri kwa nyumba ya mnzanga ndikanamujeda pa mjigo. Mantha anandiiwalitsa. Amayi anandisisita pa phewa, amvekere, "Musalire mayi, udzu umameranso."

Ndinayesa njira ina. Munda wathu wa chimanga amuna anga ankafuna kupopera chaka chimenecho, ine ndinati ayambe apopera ine. Tinapalira ndi khasu, kusiya ndiwo monga kale, ndipo m'mawa ndinkawatenga amayi kupita nawo kumeneko. Ankathyola pang'ono mwaulemu, ngati mlendo amene sakufuna kukhumudwitsa mwini nyumba, kenaka ankati, "Zikomo, tsopano ndipite kumunda kwanga." Maso awo anali kumtunda, ku mkuyu.

Linali Lachiwiri kapena Lachitatu, sindikumbuka. Ndinangolowa m'bafa, potuluka chipata chili pululu. Ndinathamanga njira ya kumtunda, ndipo ndinakumana ndi amayi akubwerera okha, akuyenda mwapang'onopang'ono, dzanja lili pamphumi. Magazi ankatsika pakati pa zala mpaka m'chigongono. Kutali m'soya muja ndinaona misana ya anthu awiri ikulowa m'chimanga. Sindinawazindikire, ndipo mpaka lero palibe amene anavomera. Mwini munda anabwera madzulo chipewa chili m'manja kudzapepesa, akulumbira kuti sanatume munthu. Ndinamukhulupirira, koma kupepesa sikutseka bala.

Panjira paja ndinawakhazika pansi n'kung'amba mpango wanga. Amayi sankalira. Anati, "Mwala wagwa kuchokera kumwamba. Musavutike ndi nsalu, mayi, thyolani chisoso apo mufinyirepo." Ndinayang'ana uku ndi uku. Chisoso chinalipo chambiri, m'mbali monse mwa njira, chobiriwira bwino. Kumanja kunali kamtengo ka jumbo, kumanzere munda wa munthu amene ndinamuona ndi sipuleya dzana lake. Panalibe tsamba limodzi limene ndikanalimba mtima kuliika pa bala la amayi anga. Ndinamanga mpango uja n'kuwabereka kumsana. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi.

Loko ndinakagula ndekha. Amuna anga anakhomera zogwirira zake osanena kuti ndinakuuza, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza. Kanyumbako tinakakonza, tinaikamo ndowa, madzi akumwa, ndi mtedza woti azisenda. Ndinadziuza kuti ndi maola ochepa chabe a m'mawa, dzuwa likakwera ndizitsegula. Anthu a kutchalitchi anati ndachita bwino. Achemwali a ku Lilongwe pa foni anati ndachita nkhanza, ine ndinawauza kuti basi yobwera kuno imanyamuka tsiku lililonse.

M'mawa woyamba ndinamva akukankha chitseko. Anakankha kachiwiri, kenaka anagogoda mwaulemu, ngati ali pakhomo pa eni.

"Odi! Mayi inu, chitseko chakanirira. Tandithandizani."

Ndinabwera n'kukhala pansi pakhonde, msana nditatsamira chitsekocho. Ndinkamva kupuma kwawo kuseri kwa thabwa.

"Pumulani kaye, amayi. Kunja kuli mame."

"Sindingapumule. Ana anga agona ndi njala dzulo. M'nyumba mulibe ufa. Ndingokawathyolera timasamba pa mkuyu, sindichedwa."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti amayi amapita pa mkuyu chifukwa cha chizolowezi, kapena nkhuli ya chisoso. Sindinawafunsepo kuti ndiwozo akuthyolera yani. Kwa iwo chaka cha njala chija chinali chisanathe, ndipo m'mawa uliwonse tinali tikuwadikira pakhonde ndi mimba zotupa.

"Anawo adya, amayi," ndinatero. "Ndawapatsa ine. Akhuta."



"Mwawaona ndi maso anu?"

"Ndawaona."

"Ndi kamng'ono komwe? Kakakazi, kolongolola?"

"Nakonso kadya."

"Kameneko kamavuta," anatero amayi, mawu atafewa. "Luni kamakana, kamati ngowawa. Muzikathirira nsinjiro zambiri, ndipo muyambe mwadya inu kakuona. Musakakalipire, n'kabwino mtima, n'kamantha chabe."

Ndinati ndamva. Anakhala pansi mbali inayo, ndinamva thabwa likusuntha ndi msana wawo, ndipo patapita kanthawi ndinamva akuyamba kusenda mtedza. Kiyi anali m'dzanja langa, atandidinda chikhatho. Dzuwa linali lisanafike n'pamwamba pa mpanda pomwe, ndipo mawa lake anagogodanso.